Tebulo la Mawindo ndi Zina za pa Benchi ya Amalume

Amalume anga alibe chikwangwani. Malo awo antchito ndi mthunzi wa nimu, benchi ya miyendo inayi yosiyana misinkhu, ndi bokosi la zida lomwe kiyi wake amagona m'khosi mwawo. Mukafika pa Chiromo, pomwe Ruo amathira mu Shire, ingolondolani fungo la utuchi ndi mawu a munthu wokalipira thabwa ngati likumva. Tsiku lina mnyamata wongomaliza kumene sukulu ya ntchito zamanja anawaonetsa pepala lake la TEVETA n'kufunsa kuti lawo lili kuti. Amalume anapukuta thukuta ndi chipewa. "Mwana wanga, ine mayeso ndimalemba chaka ndi chaka, ndipo ondichonga alipo atatu: a Dzuwa, a Madzi ndi a Chiswe. Atatu amenewa salandira ziphuphu."

A Dzuwa ndiwo anachonga tebulo la aphunzitsi. Aphunzitsiwo anabwera Lolemba ndi matabwa a malaina ocheka dzulo lake, n'kulamula kuti pofika Lachisanu tebulo likhale litatha poti kukubwera alendo. Amalume anagunditsa thabwa limodzi patsaya, anamva kuti ziziri, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mtengo uwu sunadziwebe kuti unafa." Aphunzitsi anati iwo sanabwere kudzaphunzitsidwa. Tebulo linatha Lachinayi, losalala bwino. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene nkhuku za ku Chigwa cha Shire zimayenda kukamwa kuli yasa. Patapita masabata atatu aphunzitsi anatulukira nkhope ili gwa. Matabwa apamwamba anali atatayana, choko ndi mabolopeni zikugwera pansi.

"Amisiri, ichi n'chiyani?"

"Limenelo ndi tebulo la ku Chigwa, aphunzitsi. Lili ndi mawindo. Miyendo yanu izipitidwako mphepo."

Thabwa laliwisi likamauma limafota m'lifupi, m'litali silisintha kwenikweni, n'chifukwa chake mipata imatseguka pakati pa thabwa ndi linzake. Awo matabwa amalume amawasanja pamthunzi, pamwamba pa njerwa, n'kuika timitengo tofanana makulidwe pakati pake kuti mphepo izidutsa, pamwamba n'kutsendereza ndi miyala. Kunsonga amapakako penti yotsalira m'chitini, poti kumeneko n'komwe kumathamanga kuuma n'kung'aluka. Akatero amaiwalako kwa miyezi ingapo. Woyanika thabwa padzuwa ngati nsomba amalipeza litapindika ngati bwato, ndipo amalume amati munthu wotereyo angogula nkhafi.

Za bwato zandikumbutsa bambo wa chitseko. Chiyambire 1997, pamene madzi anadula msewu ndi njanji pakati pa Bangula ndi Makhanga, anthu a tsidya la ku Bangula anazolowera kuwoloka pabwato pa Mtayamoyo. Bambo ameneyu analibe tepi. Anaima pakhomo la nyumba yake yatsopano, kutambasula manja mpaka kukhudza uku ndi uku, n'kuuyamba ulendo manja ali chitambasulire. Omupatsa moni m'njira ankangowagwedezera mutu. Ali pakati pa madzi, mvuu inafwenthera chapafupi, ndipo bamboyo anagwira m'milomo mwa bwato ndi manja onse awiri, mapemphero ali pakamwa. Atatsika anatambasulanso manja aja momwe anawakumbukirira.

"Amisiri, ndikufuna chitseko chotere."

Amalume anayang'ana manjawo, anayang'ana mwini wake. "Bambo, chitsekochi ndi cha nyumba kapena cha bwato?"

Anamubweza ndi malangizo: asayeze ndi chingwe chifukwa chimatamuka, adule bango lofanana ndendende ndi khomolo. Bango sanalipeze pafupi, ndiye anadula nzimbe. Dzuwa la masana, ulendo wautali, bwato lochedwa. Anafika akutafuna. "Muyeso ndi uwu, amisiri. Ndangodyako mfundo ziwiri, muwonjezere." Mawa lake amalume anawoloka okha ndi tepi. Anayeza khomolo m'mwamba, pakati ndi m'munsi, n'kupeza miyeso itatu yosiyana, poti khoma la womanga wa m'mudzi limayenda mwakufuna kwake. Anayezanso chopingasa, kona ndi kona mbali zonse ziwiri. Miyeso iwiriyo ikafanana ndiye kuti felemu yakhala bwino. Ikasiyana, ngakhale sikweya yanu ilumbire, chitseko chidzakwakwaza pansi.

Chitseko chomwecho chili ndi mchemwali wake wopangidwa ndi mmisiri wina. Iye anachikhoma m'chilimwe, chothina bwino osalowa ndi udzudzu womwe. Mvula itagwa mu Januwale chinamwa chinyezi n'kufufuma, mwini nyumba n'kumatulukira pawindo masiku awiri, apongozi akuona. Atapsa mtima anabwereka puleni n'kuchipala mopanda chisoni. Pofika Okutobala wotsatira chinafotanso, ndipo lero nkhuku zimalowa osagogoda. Amalume amasiya mpata wokwana kandalama kachitsulo kuzungulira chitseko chonse, ndipo penti amapaka mpaka m'mwamba ndi kunsi komwe maso safika, chifukwa n'komwe madzi amalowera.

Ine ndinakhalapo wophunzira wawo tchuthi chimodzi chokha, ndipo ndi chifukwa chake lero ndimalemba m'nyuzipepala. Tsiku loyamba anandipatsa puleni ndi thabwa la mbawa. Ndinakankha ndi mphamvu zonse za phala la m'mawa, thabwa n'kumangozukazuka ngati munda wolowa nguluwe. Amalume anandisiya ndithe mpweya kaye.

"Iwe, makakana umapala bwanji?"

"Molimbana ndi mamba, amalume."

"Eya. Tsono ili si nsomba. Litembenuze."

Nditalitembenuza, puleni inangoyenda yokha, zopalapala zikutuluka zopotana ngati tsitsi la mkwatibwi. Mtengo uli ndi komwe ulusi wake umalowera. Ukautsata umakumvera, ukaudzutsa umakudzudzula, ndipo sandipepa nayenso amayenda njira yomweyo. Wokhwekhweretsa chopingasa amasiya mikwingwirima imene imabisala mpaka tsiku lopaka vanishi, n'kuonekera yonse pamaso pa kasitomala.

Sabata yachiwiri ndinapatsidwa tsanya. Amene sanakhomepo msomali pa tsanya asadzitche mwamuna pa bawo. Ndinapinda misomali khumi ndi umodzi, wakhumi ndi chiwiri unathawira m'tchire, hamala inatera pachala. Amalume ankangowerenga mokweza ngati mwana wa sitandade 1. Kenaka anatenga chobowolera, kuboola kabowo kocheperako pang'ono kuposa msomali, kuupaka msomaliwo sopo, n'kuukhoma katatu kokha. Pa thabwa lofewa losachedwa kung'aluka, makamaka chakunsonga, amaubunthitsa kaye msomali pougogoda kunsonga ndi hamala. Wobuntha umaswa njira yake, wosongoka umalowa ngati nkhwangwa yowazira nkhuni. Sopo ameneyu anali wa azakhali. Kwa zaka zambiri azakhali ankakhulupirira kuti m'nyumba mwawo muli makoswe aukhondo kuposa onse m'boma la Nsanje.

Azakhaliwo anabwezera mosadziwa. Tsiku lina amalume anapeza tchizulo chawo chili ndi mano ngati sowo, poti chinatsegulira chitini cha mafuta ophikira. Sowo nayo inali itabwerekedwa ndi aneba pa chinkhoswe n'kubwerako ikununkha mafupa a ng'ombe. Madzulo onsewo amalume sanalankhule ndi munthu. Anakhala pa benchi ndi mwala wonolera wodonthezera mafuta, kunola tchizulo mpaka chinameta ubweya wa pamkono. Sowo anaipana pakati pa matabwa awiri, kuinola ndi tupa dzino ndi dzino, n'kupotoza manowo pang'ono, ili kumanja ili kumanzere, kuti njira yodula ikhale yotakata kuposa chitsulo chake, isamagwidwe m'thabwa. Pomaliza anaipaka kandulo. M'mawa aneba anabweranso.

"Amisiri, mungatibwerekeko sowo?"

"Yapita ku maliro."

"Sowo?"

"A ng'ombe ija."

Mitengo yabwino tsopano njosowa. Mlombwa ndi mbawa amazitchula motsitsa mawu, ndipo tsanya wa ku Lengwe ndi ku Mwabvi ndi wa boma, wokhudza amakaona ndi a nkhalango. Amalume amaimba mlandu sitima zapamadzi za atsamunda zomwe zinkakocheza pa Chiromo zikudya nkhuni usana ndi usiku, njanji ya ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, isanafike ku Blantyre mu 1908. Za makala omwe amaphikira tiyi wawo satchulako. M'kusowa kotereku munabwera bwana wina wa m'tauni ndi nzeru yatsopano. Anaona mlambe waukulu m'mbali mwa msewu n'kuwerengera kuti mtengo umodziwo utha kutulutsa matebulo a sukulu yonse. Amalume anamuuza kuti mkati mwa mlambe ndi wofewa ndi wamadzi ngati chinkhupule. Bwanayo anati anthu a kumudzi vuto lawo n'kusaona patali. "Zoona bwana," anatero amalume, "chekani ndithu. Ana akatopa kulemba azingofinya tebulo n'kumwa."

Koma nkhani imene imakambidwabe mpaka ku Makhanga ndi ya mabenchi a ku tchalitchi china. Akuluampingo anafuna kuti awale pa tsiku la chikondwerero, ndiye anagula vanishi n'kupatsa anyamata odzipereka. Anyamatawo anapaka Loweruka masana, padzuwa, mochindikala ngati akupaka chiponde pa buledi, poganiza kuti kuchuluka ndiko kuwala. Pamwamba panauma msanga, pansi pakadali phala. Lamulungu anthu anadzaza, kutentha kuli kwa ku Chigwa, ulaliki wa maola awiri. Abusa atanena kuti, "Tiyeni tonse tiimirire," munamveka phokoso ngati kwa telala akung'amba nsalu. Amayi a kwaya anasiya maluwa a zitenje zawo pa benchi. Mkulu wina wonenepa anaimirira ndi benchi yomwe, pamodzi ndi ana awiri omwe anakhala kumapeto. Agogo ena sanayesere n'komwe. Anati iwo aimirira mumtima.

Amalume ndiwo anaitanidwa kudzakonza. Anapala zonse mpaka thabwa kuyera, kukhwekhwereza ndi sandipepa wa 80, kenaka wa 120, kumalizira wa 220, n'kupukuta fumbi ndi kansalu. Anawaza madzi pansi kuti fumbi lisauluke. Ulendo woyamba anapaka vanishi wosungunula, wopyapyala, kuti alowe m'thabwa, ndipo anapaka m'mamawa pamthunzi. Anadikira tsiku lathunthu, kupitsamo sandipepa wosalala mopepuka, n'kupakanso. Katatu konse. Wina atafunsa chifukwa chosapakira madzulo kukazizira, amalume analoza chakumpoto, ku dambo la Elephant Marsh. Anayesapo kamodzi, pa nyali. M'mawa anapeza kabati yonse ili ndi udzudzu womatirira, wina atatambasula mapiko. Mayi woigula anaikonda kwambiri, n'kufunsa ngati maluwa ang'onoang'onowo amalipiritsa padera.

A Chiswe amachonga mwakachetechete. Amadya mkati n'kusiya khungu, moti bedi limaoneka langwiro mpaka usiku womwe lagwa. Linagwa la agogo ena a zaka za m'ma 70, pakati pa usiku, chiphokoso mudzi wonse kumva. M'mawa anyamata ankawavulira zipewa agogo aamunawo ndi ulemu umene sanaulandirepo chibadwire, iwo osakana. Bedilo linali la paini, miyendo ili padothi. Amalume popanga lina anapaka miyendo Solignum, n'kuuza agogo aakazi kuti akasowa mankhwalawo oyilo wakuda wotsika m'galimoto amathandiza, kuti aike miyendoyo pa njerwa zowotcha, bedi lisagunde khoma, ndipo azisesa kunsi n'kumagogoda miyendo kuti amve ngati yayamba kulira ngati ng'oma. Agogo aamuna anapempha kuti nkhani ya chisweyo isatuluke.

Za madzi a mu Januwale 2015 sitiseka, ngakhalenso za namondwe Freddy mu Malichi 2023. Anatenga anthu, ziweto ndi midzi. Koma madzi ataphwera panali zoti mmisiri aone. Makabati a magalasi ogula ku Limbe, a matabwa a utuchi wopanikiza aja, anafufuma ngati mandasi. Mipando yodalira guluu woyera ndi misomali inamasuka mwendo uliwonse kulowera kwake, poti guluu ameneyo madzi sagwirizana nawo. Kampando kamodzi ka amalume, kolumikiza mobowola bowo n'kusema lilime lolowa m'bowomo, n'kukhomera ndi kamtengo, kanapezeka kutali kumunsi katakodwa m'bango, kali kathunthu. Mwini wake atakafunsa, wokatolayo anakana. Anati iye sanabe, mpandowo unabwera wokha, ndipo mlendo sapirikitsidwa. Amalume atamva sanafunse n'komwe kuti mlandu unatha bwanji. Anangofunsa ngati ukugwedera.

Mwezi watha kunabwera kasitomala wa ku Kasungu, wogwira ntchito ku bungwe lina, kudzatenga shelefu ya mabuku. Anayamba kuwerengera ndalama m'manja mwa amalume, ndipo atangofika theka, amalume mwaulemu wa kwathu anawomba m'manja n'kuthokoza m'Chisena.

"Takhuta, bwana, takhuta."

Munthu uja anaima, kuwayang'ana modabwa, n'kupinda zotsalazo bwinobwino kubwezera m'thumba.

"Anthu a kuno ndinu okoma mtima. Kwathu mmisiri sakhuta."