Mmene mungaphunzirire zachilengedwe osadzuka pampando

Nyumba ya Natural History Museum ku London imasunga zinthu pafupifupi 80 miliyoni: mafupa, miyala, masamba ouma, tizilombo tobayidwa ndi singano. Zina anaziika pa intaneti kuti aliyense, kuyambira wa kumkaka mpaka agogo, aphunzire ulere. Ulerewo ndi wa kumeneko. Bandulo mugula nokha.

Musanayambe, tsekani mawindo. Kunjako kuli mbalame, abuluzi ndi nyerere, ndipo zimenezi zimasokoneza munthu amene akuphunzira zachilengedwe. Pumbwa akayamba phokoso pamtengo, kwezani voliyumu.

Mwana mutsegulireni tsamba lotchedwa Dino Directory, pomwe pali mndandanda wa ma dinosaur ndi zithunzi zawo. Posakhalitsa azitchula Diplodocus osadziluma lilime, koma mukamufunsa kusiyana kwa njiwa ndi nkhunda angokutong'olerani maso. Musade nkhawa, njiwayo idzakhala yofunika ikadzatha padziko. Akakuuzani kuti nkhuku ndi chidzukulu cha dinosaur musamukalipire, akunena zoona. Ingomuuzani kuti ndiwo zalero ndi zomwezo, asambe m'manja.

Agogo nawonso apatseni foni, poti akuti maphunzirowa ndi a misinkhu yonse. Zoti amasiyanitsa bowa wodya ndi wakupha ali chapatali, kapena amadziwa usiku umene ngumbi zituluke, si maphunziro amenewo. Chilatini sadziwa, ndiye ayambire Sitandade 1. Auzeni kuti msuku umene akhala akutola masuku ake chibadwire dzina lake ndi Uapaca kirkiana, potengera John Kirk, dokotala amene ankayenda ndi David Livingstone. Akafunsa ngati bambo Kirk ndi amene anaudzala, sinthani nkhani.

Kenako banja lonse lione namgumi wotchedwa Hope. Anafera pagombe ku Wexford, m'dziko la Ireland, mu 1891, ndipo mafupa ake, otalika mamita 25, anawapachika kudenga la holo yaikulu mu 2017. Pa foni panu adzaoneka ngati kausipa. Inu mungoti, “Eee, koma kukula!” Ana asakayike.

Abale athu a ku Zambia, inu muli ndi mwayi wapadera, chifukwa kholo lanu lili komweko. Mu 1921 anthu okumba mtovu ndi zinki pamgodi wa Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, anafukula chigaza cha munthu wakalekale. Chinatumizidwa ku London chaka chomwecho, akatswiri n'kuchipatsa dzina loti Homo rhodesiensis, ndipo kafukufuku wa mu 2020 anapeza kuti chili ndi zaka pafupifupi 300,000. Mano ake ndi obooka, ndipo ndi chimodzi mwa zigaza zakale kwambiri zosonyeza kuwola kwa mano. Muonetseni mwana wanu wokana mswachi. Boma la Zambia lakhala likupempha kwa zaka zambiri kuti chigazacho chibwerere kwawo. Koma kuvutikiranji? Pa intaneti mukachezera agogo anuwo popanda viza, popanda ndege, popanda kuzizidwa. Mukhoza ngakhale kukulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, zimene kumanda kwanu simungachite.

Wina akamaumirira kuti chithunzi si chinthu chenicheni, mukumbutseni za Dippy, dinosaur amene Andrew Carnegie anapereka kunyumbayi mu 1905. Thupi lonselo mulibe fupa lenileni ngakhale limodzi: ndi pulasitala woumbidwa potengera mafupa amene ali ku Pittsburgh, ku America. Komabe anthu a ku London anamukonda zaka zoposa 100, ndipo atamva kuti achotsedwa kuti pakhale namgumi, anasonkhanitsa masiginecha okana. Apa n'zoonekeratu kuti choumba chimawakwanira bwino lomwe. Mukamaliza phunziro, alembereni mwaulemu kuti a ku Kabwe ndi okonzeka kuwaumbira chigaza chokongola cha pulasitala, ndi mano obooka omwe, n'kusinthana.