Chikumbu changa chili panjerwa, mtima wanga uli m'malo

Amuna anzanga akapuma pantchito amaweta nkhunda, ena amalima tomato. Ine ndinagula galimoto yakufa. Ndi Volkswagen Beetle ya 1972, ija timaitcha Chikumbu, ndipo mwini wake anandipatsa ndi njerwa zomwe inakhalapo, ati zimenezo ndi banyira.

Musandiseke msanga. Galimoto imeneyi ili ndi mbiri. Anaikonza ndi Ferdinand Porsche ku Germany m'zaka za m'ma 1930, ndipo pomwe yomaliza inkatuluka ku Puebla, m'dziko la Mexico, mu 2003, zinali zitapangidwa zoposa 21 miliyoni. Yangayi inabadwira ku Uitenhage ku South Africa, komwe ankazipanga kuyambira 1951 mpaka 1979. Zonsezi ndinawalakatulira mayi a kunyumba tsiku lomwe lole inadzaitsitsa pakhomo. Iwo anaizungulira kamodzi nati: "Bambo a Chikondi, pa 21 miliyoni ponsepo, inu mwasankha yosayendayo?"

Ntchito inayamba ndi kusaka masipeyala. Pamsika wina mumzinda muno, mnyamata anandifunsa ngati rediyeta ndapeza kale. Nditati ayi, anapukusa mutu mondimvera chisoni. "Madala, muli ndi mwayi, yatsala imodzi, orijino ya Chikumbu." Ndinalipira osanenerera, kuopa kuti wina anganditsogolere. Makaniko wanga ataiona anakhala pansi kuti aseke bwino. Chikumbu sichimwa madzi. Injini yake ili kumbuyo ndipo imazizira ndi mphepo yochokera ku fani yomwe imazunguzidwa ndi lamba. Rediyetayo lero ana amaotcherapo chimanga, ndipo pantchito imeneyo ndi orijino ndithu.

Ajeremani anali ndi nzeru zachilendo. Madzi otsukira galasi lakutsogolo sakankhidwa ndi mota, koma ndi mpweya wa tayala lasipeya kudzera m'kapaipi. Anaikamo kavavu koletsa mpweyawo kutheratu, koma kanga kanamwalira kalekale. Nditaona kuti pagalimoto yonse ndi chokhachi chimene chikugwira ntchito, ndinaitana aneba kuti adzaone. Tinatsuka galasilo mosinthana mpaka tayala linaphwa. Linali tayala lokhalo lamoyo pakhomo pano.

Batire nayo anaibisa pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo imayenera kukhala ndi chivundikiro kuti masipuling'i a mpando asakhudze mitu yake. Chivundikirocho chinasowa nthawi ya chipani chimodzi. Nditaveka mpandowo nsalu yatsopano, ndinafuna kuti oyamba kukhalapo akhale apongozi, omwe anabwera kudzationa kuchokera ku Ntcheu. Ndi mayi athupi lodalitsika. Atangokhazikika, pansi pawo panamveka kuthetheka, kenaka utsi unatulukira m'mbali mwa chitenje. Iwo, mwaulemu wachingoni, sanakuwe. Anangoyang'ana kumbali nati: "Akamwini, kodi galimoto zakalezi zimaphikanso?" Kutsika kwake sindinakuonepo pa munthu wamsinkhu umenewo.

Pa zokongoletsa ndiye sindinagone. Ndinaipaka penti yachikasu yotsala popaka bafa, ndi bulashi yomweyo, moti ukaiyandikira umaona mizere. Ndinaika masipika aakulu awiri ndi wayilesi ya Bluetooth. Loweruka masana ndimakhala pachiwongolero, chigongono pawindo, nyimbo zili phokoso, nkhuku yomwe ikufungatira mazira m'buti yakutsogolo ili phee. Mayi a kunyumba akamadutsa ndi ndowa amandifunsa kuti tafika pati, ndipo ndimawayankha kuti tangodutsa Zalewa.

Koma zinthu zinasintha makaniko atakonza kabuleta ndi kusintha mapulagi. Anapotokola kiyi, Chikumbu chinatsokomola, chinalavula utsi, kenaka chinalira. Dzuwa lisanalowe mbiri inali itafika kumudzi. Amalume anaimba kuti kuli chinkhoswe mwezi wamawa. Amfumu a m'dera lathu anatumiza uthenga woyamikira kuti tsopano tapeza galimoto ya maliro. Mlamu wanga anafunsa ngati matumba a feteleza angakwane pamwamba. Tcheyamani wa kwaya anangoti, "Mulungu wayankha." Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula za petulo, inshuwalansi kapena COF.

Usiku umenewo ndinawerengetsera. Galimoto yokhala panjerwa siigona pamzere wa mafuta, apolisi apamsewu saiimitsa, ndipo achibale amangoiseka. Ikayenda ndiye kuti yasanduka ya mtundu wonse, ine n'kukhala dalaivala wosalipidwa. Ndinadzuka mwakachetechete, ndinatsegula kuinjini, ndinazula kachipewa ka m'distiribyuta kotchedwa rota, n'kukaponya m'thumba la jekete la ukwati, lomwe mayi a kunyumba salisecha chifukwa amadziwa kuti simukhala ndalama.

Makaniko mutu waima, akuti vuto lotere sanalionepo. Amalume ndawauza kuti sipeyala yake tikuidikira kuchokera ku Germany, ndipo sitima yake ikuyenda pang'onopang'ono kwambiri.