Duwa limodzi, asing'anga khumi

Mlamu wanga wamng'ono anagwira ntchito ya m'nyumba ku Area 43 zaka zinayi. Mabwana ake pobwerera kwawo anagawa katundu: mlonda anapata njinga, gadeniboyi wilibala, iye duwa la mumphika. Dzina lake akuti orchid. Analifukata ngati khanda m'minibasi yobwera kwathu kuno ku Nsaru, ndipo kondakitala analiyang'anitsitsa.

"Asisi, katunduyu alipira."

"Si katundu, ndi duwa."

"Limadyedwa?"

"Ayi."

"Limachiza chiyani?"

"Palibe."

"Sadyedwa, sachiza, sagwira ntchito, koma akuyenda chonyamulidwa? Ameneyu ndi bwana. Bwana amalipira mpando wathunthu."

*

Litafika pakhomo, oyamba kulizonda anali atsibweni a akazi anga, mlimi wa fodya amene wakhala akutumiza mabelo ku Kanengo kuyambira nthawi ya Kamuzu. Anasuzumira mumphika napeza makungwa a mtengo ndi timakala. Dothi ng'o. Mizu yonenepa yotuwa ili lendelende kunja.

"Azungu aja anali pa mavuto," anatero mwachisoni. "Mpaka kusowa dothi?"

Anatuma mwana kukatapa manyowa kukhola. Mlamu anachita kuimirira pakhomo. Anafotokoza kuti mtundu umenewu kwawo sumera pansi, umakangamira pa nthambi za mitengo, mizu yake n'kumamwa mvula ndi chinyezi cha mumpweya. Ukaikwirira m'dothi imaola. Ngakhale m'nkhalango zathu ngati Dzalanyama muli abale ake okhala m'mitengo chomwecho, ndipo sayamwa mtengowo, amangotsamirapo.

Atsibweni anatembenuka n'kundiyang'ana ine.

"Ndamva tsopano. Limakhala pa malo a eni, mizu ili panja. Ndi mkamwini."

Ndinaseka nawo. Mkamwini amaseka nthabwala za atsibweni ngakhale zikumuwawa.

*

Cholakwa ndinachita ine n'kufuna kuonetsa sukulu. Ndinauza agogo kuti Malawi ali ndi mitundu ya orchid yoposa 400, kuti ku Nyika kokha kuli yoposa 200, ndiponso kuti chikande chimene iwo amachikonda chija, chophika ndi nsinjiro ndi chidulo, chimachokera ku timbatata ta orchid zomera pansi m'madambo ndi m'mapiri.

Agogo anangoti "Oho." M'mawa mwake tinawapeza atakhala pa mphasa, mphika uli pakati pa miyendo, akufukula ndi kamtengo.

"Agogo, mukutani?"

"Ndikuona ngati chaika."

Sanapeze kanthu. Kuyambira tsiku limenelo duwalo amalitcha chikande chaulesi.

*

Patapita miyezi iwiri agogo omwewo anatidzutsa ndi nthungululu. Akuti duwa lija layamba kubala thonje. Zoonadi, pamene tsamba limakumana ndi tsinde panali timibulu toyera ngati thonje lobalalika, kwina kunsi kwa masamba. Agogo anali atayamba kale kufunsa mtengo wa kilogalamu.

Mdzukulu wawo anagunda kamodzi ndi chala. Thonje linayenda.

Amene anatimasulira ndi aphunzitsi ena a pa sukulu yapafupi, kwawo ku Nkhata Bay. Atangoona anagwira pakamwa. Anati ameneyu ndi m'bale wake wa kodikodi, kachilombo kamene kanasakaza chinangwa kwawo kuyambira cha mu 1985, anthu mpaka kusowa kondowole. Kamabaya tsamba ndi kamlomo konga singano n'kumayamwa madzi ake, ndipo choyera chija ndi phula limene kamadzifunditsa kuti madzi asakanyowetse. Anati kodikodi wa chinangwa anagonja akatswiri atabweretsa timavu tating'onoting'ono ta ku South America timene timaikira mazira m'thupi mwake, ndipo mkulu amene anatsogolera ntchitoyo mu Africa, Hans Herren, analandira mphoto ya World Food Prize mu 1995.

Atsibweni anapukusa mutu.

"Dziko lilibe chilungamo. Mzungu wabalalitsa mavu, mphoto. Ine ndinagwedeza chisa cha mavu mwangozi pa maliro ku Kabudula, anandilipiritsa nkhuku."

*

Madzulo ake anabwera atabereka sipuleya ya malita 16, ija amapoperera nazale ya fodya. M'manja anali ndi botolo la chakumwa chozizira, m'kati muli madzi amtundu wa mkaka.

"Ndi mankhwala anji, atsibweni?" anafunsa akazi anga.

"Amphamvu."

"Dzina lake?"

"Anandipungulira mnyamata wina pa msika. Anati amapha chilichonse choyenda."

Akazi anga anayang'ana pa balaza. Pakona panali ndowa ya ufa. Pa mkeka mwana wathu wa chaka chimodzi anali kukwawa.

"Uyunso akuyenda," anatero.

Apa ndiyambe ndaika nthabwala pansi pang'ono. Mankhwala a fodya, a tomato ndi a thonje anapangidwira kumunda, kumene kuli mphepo, ndipo wopopera amayenera kuvala zodzitetezera. M'nyumba yotseka mawindo amatsalira pa ufa, pa mbale, pa mkeka. Dziko lino lili ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la m'chaka cha 2000, ndi bungwe la Pesticides Control Board loona kuti ogulitsidwawo ndi ovomerezeka ndipo ali m'botolo lake lolembedwa. A m'botolo la zakumwa ndi amene mwana amagugudiza poyesa ndi Sobo, ndipo mukathamangira naye ku St Gabriel's ku Namitete funso loyamba la adokotala lidzakhala lomwe lija la akazi anga: dzina lake? "Amphamvu" si yankho.

Atsibweni anabwerera ndi sipuleya yawo akung'ung'udza kuti ana a masiku ano amaopa chitukuko.

*

Mbiri itamveka m'mudzi, asing'anga anachuluka. Wina anati tiwaze Actellic, poti anankafumbwe amamumvera. Wina anati sopo waufa wochapira, dzanja limodzi lodzaza. Mlamu anayesa pa tsamba limodzi lokha, mwamwayi, ndipo m'mawa linali ndi chipsera ngati lasitidwa. Wina anati tinyike zinyenyeswa za fodya m'madzi. Zimapha ndithu, koma aliyense amene anathyolapo fodya wonyowa ndi mame amadziwa chizungulire ndi mseru zimene madzi ake amabweretsa akalowa pakhungu, ndiye si zosunga m'chigubu pafupi ndi ana.

Mneneri wina wa ku Mpingu, amene anabwera kudzagula mtedza, anatseka maso n'kunena kuti tizilomboto tachita kutumizidwa ndi wachibale wa nsanje.

"Nsanje ya chiyani?" anafunsa agogo. "Chinthu chosaika?"

*

Amene anatipweteka kwambiri ndi mayi wina woyandikana nafe, chifukwa malangizo ake anali ndi umboni. Mukukumbuka mbozi zija zinavuta chimanga mpaka mu Disembala 2017 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi? Alimi ambiri nthawi imeneyo anathira msuzi wa usipa m'mitima ya chimanga. Msuzi umaitana nyerere, nyerere zimagwira mbozi. Mayiwo anati chimanga chawo chinapulumuka choncho, ndipo anabwera ndi kambale ka msuzi, ka tomato ndi anyezi womwe.

Chimene sitinadziwe n'chakuti nyerere ndi kodikodi ndi pachibale. Kodikodi akayamwa tsamba amatulutsa timadzi tomata totsekemera, nyerere zimamwa timadzito, ndipo polipira zimamulondera ndi kuthamangitsa adani ake. Ndi ng'ombe zawo za mkaka. Timadzi totsalira pa tsamba ndi timene timamera nguwi yakuda ngati mwaye. Choncho ife tinaitanira abusa ku khola lawo lomwe, n'kuwaphikira ndi ndiwo.

Koma nyerere zinachedwa. Anayamba kufika ndi mphaka. Cha pakati pa usiku tinamva phwaa! Atsibweni anatulukira ndi chibonga akukuwa kuti akuba. Tinapeza mphika uli pansi, makungwa ali mbwee, mphaka ali pawindo akudzinyambita ndevu ngati munthu wochokera ku ukwati.

*

Nzeru zinabwera pa njinga ya kabaza. Msuweni wa akazi anga amagwira ntchito ku Chitedze, malo a kafukufuku wa zaulimi aja ali pa msewu wa ku Mchinji kuyambira 1948. Anazungulira duwalo, natembenuza masamba, napempha zinthu zinayi: thonje, timitengo ta machesi, sipiriti uja wapepo wa m'magolosale, ndi sopo wamadzi wotsukira mbale.

Anati choyamba duwalo lichoke pafupi ndi maluwa ena, likhale lokha ngati wa chikuku. Kenaka kukulunga thonje ku kamtengo, kunyika mu sipiriti, n'kumagunda kachilombo kamodzikamodzi. Sipiriti amasungunula phula lija. Mukatero, kasupuni kamodzi ka tiyi ka sopo mu lita imodzi ya madzi, kupukuta masamba pamwamba ndi kunsi, madzulo kapena pamthunzi, osati dzuwa lili nye. Yambani mwayesa pa tsamba limodzi, mudikire tsiku. Madzi asatsalire pamtima pa duwa pamene pamatulukira tsamba latsopano, chifukwa pamaola. Aumitseni ndi nsonga ya kansalu. Ndipo mubwereze pakatha masiku 7, katatu kapena kanayi, chifukwa wamkazi mmodzi amaikira mazira mazanamazana m'thonje lakelo, ndipo amene mwawaphonya lero adzaswa sabata yamawa.

Atsibweni anamvetsera mpaka pamapeto.

"Zonsezi ndalama zingati?"

"Sizifika mtengo wa nkhuku."

"Ndiye boma limakulipira chifukwa cha machesi ndi sopo?"

*

Sipiriti atasowa pa golosale, wina anati kachasu wa mutu angathe kugwira ntchito yomweyo. Atsibweni, amene sabata yonse ankati za duwa n'zachibwana, anadzipereka kukhala wosunga mankhwala. Anati mankhwala a wodwala sasiyidwa ndi ana.

Tsiku loyamba anagunda tizilombo titatu, nalawa kuti aone ngati mankhwala sanasukuluke. Tsiku lachiwiri anagunda kamodzi. Tsiku lachitatu tinawapeza akulankhula ndi duwa, akuliuza za mitengo ya fodya ya chaka chatha, misozi ili m'maso. Botolo linali litatha, akodikodi ali gwa.

Sipiriti atabwera akazi anga anamutsekera m'sutikesi, ndipo anawauza atsibweni pamaso pa anthu kuti wapepoyu salawidwa. Muli poizoni amene amachititsa khungu, ena amafa kumene.

*

Ntchito inagwera mwini wake, mkamwini. Loweruka lililonse madzulo ndinkakhala pakhonde, mphika pa mpando, ine pansi. Ndikuuzeni, kachilomboka n'kochenjera. Pamwamba pa tsamba simukapeza. Kamabisala m'mphako momwe tsamba lakumbatira tsinde, ndi m'mizu pansi pa makungwa. Ukakagunda ndi thonje lonyowa choyera chija chimasungunuka pompo, n'kutsala kanthu kofiirira, kofewa, kochepa kuposa njere ya mpunga, kopanda ulemu uliwonse. Loweruka loyamba ndinawerenga 43. Loweruka lachiwiri 11. Ndinapezanso tina tofiirira tomatirira pa tsamba ngati nkhanambo, tosayenda, timene ndinachita kupala ndi chikhadabo. Kukatentha msuweni anati tizipukuta masamba ndi kansalu konyowa, kuopa akangaude ofiira aja amavutitsa alimi a tomato, poti amakonda pouma ndi pafumbi.

Anthu odutsa popita ku chigayo ankachepetsa liwiro. Bambo wandevu zake, amene anzake ali ku bawo, akutsuka tsamba m'khwapa ndi kathonje. Ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake:

"Si chikondi chimenechi. Anamudyetsa khuzumule."

Mnzakeyo anayang'ananso bwino.

"Andipatseko amene anaphika. Wanga ngakhale mwana samusambitsa."

*

Loweruka lachinayi sindinapeze ngakhale kamodzi. Kuzizira kwa Juni kutadutsa duwa linatulutsa kamphukira, ndipo patapita miyezi linamasula maluwa asanu ndi awiri oyera, otambalala ngati agulugufe. Mlamu anajambula n'kutumiza pa WhatsApp kwa mabwana ake akale. Ngakhale agogo anavomera kuti chikande chaulesi chatchena. Tinaliika pakhonde kuti a ku tchalitchi alione pobwerera.

Mbuzi ya atsibweni ndi imene inayamba kuweruka.

Nkhani inakafika kwa a nyakwawa, pansi pa mtengo wa mango. Mlamu anafotokoza zonse: Area 43, minibasi, mphaka, machesi, masabata anayi a ine. Anatchula ndi mtengo wa duwa lotere m'tauni, anthu n'kuti "Haa!" A nyakwawa anafunsa funso limodzi.

"Kodi duwali limadyedwa?"

"Ayi, mfumu."

"Nanga mbuzi yatani nalo?"

"Yadya."

"Yafa?"

"Ayi, mfumu, ili apo ikubzikula."

A nyakwawa anakambirana ndi nduna zawo motsitsa mawu. Chigamulo chinali chakuti duwalo limadyedwa, choncho mlandu wake ndi wofanana ndi wa mbuzi yodya ndiwo zamasamba m'dimba la eni. Atsibweni alipire nkhuku imodzi, ndipo mkamwini amange mpanda.