Kukokana chingwe si ntchito ya mimba

Kukokana chingwe ndi masewera a magulu awiri, lililonse la anthu asanu ndi atatu, amene amagwira chingwe chimodzi n'kumalimbana mpaka gulu lina litakokedwa mtunda wa mamita 4. Kwathu kuno masewerawa amaikidwa kumapeto kwa tsiku la zisangalalo kusukulu, kumpingo kapena kuntchito, anthu atakhuta ndipo akungofuna kuona akuluakulu akugubuduzika m'fumbi. Kwina sazitenga choncho. Kuli bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse, la Tug of War International Federation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1960, ndipo kuli malamulo, oweruza ndi mamendulo.

Kuyambira 1900 mpaka 1920 masewerawa ankachitika pa mpikisano wa Olympic. Ku London mu 1908 mamendulo onse atatu anatengedwa ndi magulu a apolisi a ku Britain, ndipo aliyense amene wapolisi anamugwirapo palamba wa thalauza sangadabwe nazo. Gulu la ku America litagonja kwa apolisi a ku Liverpool linadandaula kuti anzawowo anavala nsapato zolemera zokhala ndi zitsulo. Apolisiwo anayankha kuti zimenezo ndi jombo zawo za kuntchito, dandaulo linakanidwa, Aamerika n'kunyanyala. Mu 1912 ku Stockholm kunabwera magulu awiri okha, apolisi akomweko ndi apolisi a ku London. Pa ulendo wachiwiri wokokana, ena mwa a ku London anatopa n'kukhala pansi, ndipo oweruza anapereka golide kwa Sweden.

Mdani wamkulu wa munthu wamba pa masewerawa ndi sikelo. Magulu amapikisana molingana ndi kulemera kwa anthu onse asanu ndi atatu pamodzi. Mwachitsanzo, pali gawo la amuna la makilogalamu 640, kutanthauza kuti pogawana mofanana aliyense ayenera kulemera makilogalamu 80. Apa m'pamene pamathera maloto a abambo ambiri, kuphatikizapo wolemba nkhani ino, amene mimba yake imalowa m'nyumba mwiniwake akadali pakhonde. Iye amasankhidwa msanga pa maphwando a kuntchito, ndipo amadziona ngati katswiri wobisika amene dziko silinamutulukire. Koma pa mpikisano weniweni mphunzitsi amawerengera kilogalamu iliyonse ngati ndalama ya pakati pa mwezi, ndipo sangaiwonongere pa mafuta a kanyenya. Amafuna ntchafu, msana ndi zala zogwira.

Chingwe chake sichichepera mamita 33.5 m'litali. Chimagwiridwa ndi manja opanda magolovesi, ndipo kuchikulunga padzanja n'koletsedwa. Wakumapeto yekha, amene amakhala nangula wa gulu, ndiye amaloledwa kuchidutsitsa m'khwapa, kumsana ndi paphewa. Udindo umenewu ndi womwe wolembayu amapatsidwa nthawi zonse, poganiza kuti ntchito yake ndi kungokhalapo. Si choncho. Nangula ayenera kuponda ndi mapazi ake ngati wina aliyense, chifukwa kukhala pansi dala ndi mlandu. Kupanikiza chingwe ndi chigongono pantchafu kuti chisayende ndi mlandunso. Woweruza amachenjeza kawiri, kachitatu gulu lagonja ulendo umenewo. Choncho njira zonse zimene munthu wotopa amaziganizira mwachibadwa, olemba malamulo anaziganizira kale n'kuzitseka.

Akatswiri sakoka ndi mikono. Amatambasula manja, amapendekera kumbuyo mpaka thupi kutsala pang'ono kukhudza pansi, kenako onse asanu ndi atatu amakankha nthaka ndi miyendo, kaphazi kamodzikamodzi, pa nthawi imodzi. Nthawi zina gulu limangolimba osasuntha, kudikira kuti anzawo manja awawe. Pambali pamakhala mphunzitsi amene amayang'ana adaniwo, n'kulamula nthawi yokoka akaona kuti ayamba kupuma mwawefuwefu. Gulu la wolembayu limakhala ndi aphunzitsi asanu ndi atatu, onse atagwira chingwe, aliyense akukuwa zake.

Mpikisano umachitikira pa udzu kapena m'nyumba pa mphasa ya labala, ndipo amayi ali ndi magawo awo. Magulu a amayi a ku Taiwan atchuka kwambiri pa mpikisano wa m'nyumba, pamene Switzerland, Netherlands, England ndi Ireland amadziwika ndi magulu amphamvu. Mu Africa, dziko la South Africa ndilo limaonekera kawirikawiri pa mipikisano yapadziko lonse.

Chingwe chosayenera chimapweteka. Ku Taipei mu 1997 chingwe chinaduka pa mwambo umene anthu oposa 1,000 ankakokana, ndipo amuna awiri anaduka mikono, ngakhale madokotala anailumikizanso. Okonza maphwando a kuntchito asamatole chingwe chakale chomangira katundu palole n'kuitanira khamu lonse. Apeze chingwe cholimba, awerenge anthu asanu ndi atatu mbali iliyonse, ndipo wolembayu amupatse ntchito yosunga mawotchi ndi mafoni a okoka.