Kachikwama Kamodzi Basi

Ku Nchalo, banja likamakonza ulendo wa masiku awiri wokaona agogo kutsidya kwa Shire, lamulo limaperekedwa Lachinayi madzulo, ndipo wolipereka amakhala bambo. "Mayi a ana, ulendo uno tisachite ngati tikusamuka ayi. Kachikwama kamodzi basi." Mayi amavomera mwaulemu kuti amva. Loweruka m'mamawa pakhonde pamapezeka chichikwama chamizeremizere chimene zipi yake inafa kalekale, chomangidwa ndi mphira, pambali pake beseni, chigubu cha malita 5, majumbo atatu ndi mtolo wa m'chitenje. Kachikwama kamodzi kaja kaliponso ndithu. Kali m'kati mwa chachikulucho.

Mwezi ndi wa Okutobala, nyengo imene kutentha kwa ku Chikwawa ndi Nsanje kumapitirira madigiri 40, anthu n'kumagona panja pamphasa ngakhale udzudzu ukuimba m'khutu. Koma choyamba kulowa m'chikwama ndi juzi ya khanda, chipewa chaubweya, masokosi ndi bulangete lofewa lija analandira pachikuta. Bambo akafunsa kuti chisanu chake n'chochokera kuti, yankho limakhala lokonzeka: "M'bwato mumawomba mphepo." Pamwamba pa juzi pamabwera matewera okwana sabata, zitenje zinayi, ufa wa phala, neti ya udzudzu, diresi la kutchalitchi la mtsikana, nsapato zake zothina zimene amangovala pojambulitsa, ndi malaya oyera a mnyamata amene aliyense akudziwa kuti sadzaona dzuwa lachiwiri ali oyera.

Izi n'zovala chabe. Katundu weniweni ndi wa ulemu.

Munthu wochokera ku Nchalo, kumene fakitale ya Illovo imagaya mzimbe utsi uli tolotolo, sangafike kwa apongozi wopanda shuga. Angakhale sagwira ntchito kukampaniko, angakhale amagula paketi pamtengo womwewo ngati wa ku Karonga, kumudzi amamuona ngati amatapa shuga kuseri kwa nyumba. Ndiye paketi ina ya agogo, ina ya azakhali, ina ya mlamu amene chaka chatha anadandaula kuti anamudumpha. Kenako sopo wamtanda, mchere, botolo la mafuta ophikira, masamba a tiyi, ndi buledi awiri amene amaikidwa pamwamba penipeni mosamala kwambiri, kuti kondakitala adzapeze pokhazika bondo.

Ana nawonso amalongedza, koma mwakabisira. Mnyamata amalowetsa mpira wachikulunga ndi legeni. Mtsikana amalowetsa chidole chopanda mkono ndi timiyala tosewerera phada, ngati kuti kwa agogo miyala inatha. Amene amatsatiradi lamulo ndi bambo okha: foni m'dzanja, chaja m'thumba la thalauza, basi. Malaya awo osinthira, thaulo ndi nsapato zili m'chichikwama chija chimene chili pamutu pa mayi, ndipo iwo amayenda patsogolo akudabwa kuti akazi amanyamuliranji zinthu zambirimbiri.

Pasiteji anyamata oitanira amaona banja loterolo likadali kutali. Wina walanda beseni kuthamangira nalo ku minibasi ina, wina wagwira mwana padzanja kukokera ku Sienta, mayi ali pakati kukuwa kuti katundu ndi ana akwere galimoto imodzi. Mkangano wa mtengo umayambira pamenepo. Kondakitala amati chikwamacho ndi munthu, chilipire mpando. Mayi amati n'tizovala ta ana. Kondakitala akachinyamula, msana n'kulira, amafunsa ngati anawo amavala njerwa. Pofuna kubweza ndalama yotayika pa katunduyo, ana amachepetsedwa zaka pomwepo: mnyamata wa Sitandade 4 amasanduka wa zaka zisanu, woyenera kukhala pamiyendo. Iye amafuna kutsutsa, koma diso la mayi ake limamukumbutsa msinkhu wake watsopano.

Msewu wa M1 kuchoka pa Nchalo kulowera ku Bangula si wautali, koma uli ndi Ngabu pakati. Minibasi ikangoima, mazenera amadzaza manja: mafilizesi, mazira owiritsa, zigege, madzi ozizira a m'timapepala, kanyenya wa mbuzi. Chigubu cha thobwa chimene chinanyamulidwa kuti ana asavute panjira chili pansi pa mpando wakumbuyo, chapanikizidwa ndi thumba la chimanga la munthu wina. Ndiye kugula. Thewera likafunika, ndipo limafunika nthawi zonse galimoto ikangonyamuka, limapezeka kuti lili pansi penipeni pa chikwama chimene chamangidwa kubuti, chitseko chake chogwidwa ndi chingwe.

Pa Bangula ulendo umasintha mtundu. Wopita ku Chiromo, Makhanga kapena ku Muona amatsika n'kufuna kabaza wopita kudooko la Mtayamoyo. Banja la anthu asanu limalemba njinga zisanu ngakhale khanda lili kumsana kwa mayi, chifukwa chikwama chimakwera yakeyake, wakabaza akuchiyang'ana mokayika ngati mkamwini amene wapatsidwa munda wa apongozi. Kuyambira mu 1997, pamene madzi anakokolola njira ndi njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo, kuoloka pamenepa n'kwa bwato. Sitima imene kale inkatsika kuchokera ku Limbe mpaka ku Nsanje, yonyamula mitolo popanda kufunsa kuti muli chiyani, inaleka kufika tsidya lino. Wosafuna bwato aoloke pa mlatho wa Kamuzu, azungulire ku Thabwa, atsike ndi msewu wa kum'mawa kwa mtsinje, akafike fumbi lili mpaka m'nsidze. Mwini bwato naye ali ndi masamu ake: amawerenga mitu, kenako amakweza chikwama pang'ono, n'kuwonjezera mutu wina.

Apa tiyenera kuwachitira chilungamo mayiwa. Amene amalangiza kuti paulendo wa masiku awiri munyamule zovala ziwiri amakhala kumene msewu umagona pomwe unausiya dzulo. Kuchigwa kuno msewu suchedwa kuchoka. Mu Januwale 2015 madzi anazinga Makhanga, anthu n'kumapulumutsidwa ndi mabwato ndi ndege. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadula M1 m'malo angapo m'boma la Chikwawa, ndipo mu Malichi 2023 Freddy anabwera kudzamaliza zotsala. Alipo ambiri amene anapita kukagona usiku umodzi kumaliro n'kubwerako patatha milungu. Mayi amene anaona zimenezo sungawauze kuti chitenje chachinayi n'chosafunika. Chovuta n'chakuti amalongedzera chigumula ngakhale mu Okutobala, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe.

M'chigwa chonsechi malo amene anamvera bwino uphungu woyenda mopepuka ndi doko la Nsanje, lija anatsegula Pulezidenti Bingu wa Mutharika mu Okutobala 2010. Kufikira lero silinavutikepo ndi katundu.

Kwa agogo, chikwama chimatsegulidwa pongofika, kutulutsa shuga, sopo ndi buledi amene tsopano waphwatalala. Agogo amawomba m'manja, "Takhuta, takhuta," kwinaku maso akuwerenga mapaketi. Ana amavula malaya pomwepo n'kuthamangira kwa anzawo, ndipo masiku awiri onsewo amatha ndi kabudula mmodzi. Juzi siituluka. Diresi la kutchalitchi limatuluka Lamulungu, n'kupezeka kuti mafuta ophikira analidonthera. Chimene chimafunidwa usiku, khanda likatentha thupi, ndi kabuku ka kusikelo koti apite nako kuchipatala cha Trinity ku Fatima, ndipo kabukuko kali pa tebulo ku Nchalo, pamodzi ndi miswachi ya banja lonse. Bambo amakumbutsa kuti iwo ananena. Zimene ananena palibe akuzikumbuka.

Pobwerera m'pamene pamaoneka kuti ulendo wopita unali wopepuka. Agogo salola mdzukulu kuchoka chimanjamanja. Pamabwera mbatata za kudimba, ndowa ya mapira, milamba yowamba yokulunga m'nyuzipepala, malambe, masau ouma, ndi tambala womangidwa miyendo. Azakhali, poyamika paketi yawo, amawonjezera dzungu. Kukana n'kunyoza, ndipo mkamwini sakana cha apongozi. Bambo aja anabwera ndi foni yokha amanyamuka tambala ali kukhwapa, dzungu paphewa.

Malo m'chikwama mulibe. Mayi amakhala pansi, n'kutulutsa juzi, bulangete, zitenje zitatu ndi zovala zonse zimene sizinavalidwe, kuti mbatata zilowe. Agogo amazilandira n'kuziika pamwamba pa mtanda wa denga.

"Zisiyeni, mwananga. Mudzatenga mwezi wamawa mukamabwera ndi shuga."