Alamu Apeza Chimene Anabadwira

Alamu anga anapita ku wekishopu ku Salima ali bwinobwino, koma anabwerako ndi matenda. Kupatula tisheti ndi kachikwama kansalu, anatulutsa pepala limodzi lomwe akuti ndi mishoni sitetimenti yawo. Achemwali atafunsa kuti chimenecho n'chiyani, alamu anayamba akhosomola kaye ngati mlaliki.

"Amayi, pepala ili likunena chimene ine ndinabadwira."

"Ndiye zaka zonsezi, abambo, mumangodya nsima yanga osadziwa?"

Matendawa si a alamu okha. Anachokera ku America, kwa mkulu wina dzina lake Stephen Covey, amene mu 1989 anatulutsa buku la The 7 Habits of Highly Effective People. Bukuli limalangiza munthu kuti akhale pansi, asankhe mfundo zimene amazilemekeza koposa, kenako alembe cholinga cha moyo wake. Kuti adziwe zolemba, ayambe waganizira maliro ake omwe, n'kumva zimene abale, anzake ndi a kuntchito adzanene.

Apa m'pamene wophunzitsa wa ku Salima anaputa mavu. Atangoti aliyense atseke maso aone bokosi lake, mayi wina wa kuakaunti anadzambatuka n'kuyamba kudzudzula mzimu wa imfa m'dzina la Yesu. Bambo wina anati iye anabwera kudzasaina alawansi osati kudzatembereredwa. Alamu okha ndi amene analimba mtima. Anatseka maso, koma m'malo momvera zolankhula anayamba kuwerenga magalimoto. Akuti analipo ochepa, ndipo kuntchito anatumiza lole yakale ija yosalira popanda kukankha. Zinawawawa kwambiri.

Ine ndimaona kuti a Covey sanakhalepo pamaliro a kwathu kuno. Pamaliro athu aliyense amakhala munthu wabwino. Wakatapila amasanduka "wothandiza osowa," chidakwa chimakhala "munthu wokonda kucheza ndi anthu." Munthu wofuna kumva zoona amvetsere amfumu akaimirira kudandaula kuti malemuwa sankaoneka m'maliro a anzawo, uku adzukulu atakhala pa makasu akukana kukumba. Koma alamu anatsegula maso amfumu asanaimirire.

Pepalalo analipititsa kukalikutira pulasitiki pa kasitolo ka fotokope ku Kawale, pangongole, n'kulikhoma pabalaza pakati pa kalendala ya kutchalitchi ndi chithunzi cha ukwati. Mfundo yoyamba ndi chilungamo. Yachiwiri, kusunga nthawi. Yachitatu, banja patsogolo. Yachinayi inalembedwa m'Chingerezi chozama moti ngakhale eni ake amaiwerenga motsitsa mawu.

Nditaziwerenga ndinawakumbutsa kuti nthawi ya Kamuzu dziko lonse linali ndi ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Palibe amene ankapita kunyanja kuti akaziphunzire, ndipo woiwala ankakumbutsidwa ndi anyamata a malaya ofiira pachipata cha msika. Alamu anati zimenezo zinali zokakamiza, zawozi n'zochokera mumtima.

Mtimawo unayesedwa Loweruka lomwelo. Kunabwera amayi a banki mkhonde atatu, mlembi atanyamula kope kukhwapa. Mwana atalowa kuchipinda kukanena, anatuluka ndi uthenga woti adadi apita kutauni. Amayiwo anati palibe vuto, adikira. Anakhala pampando moyang'anizana ndi pepala lija, ndipo mlembi, yemwe ndi mphunzitsi wa pulayimale, anayamba kuliwerenga mokweza, mawu amodziamodzi, ngati akuphunzitsa Sitandade 2. Atafika pa chilungamo anabwereza kawiri. Kuchipinda kunamveka chifuwa.

"Kodi kutauniko kukuzizira, eti?" anafunsa mlembi.

Alamu anatuluka patapita ola lathunthu, atavala jekete, ngati kuti alowera pawindo kuchokera ku Area 2. Anafotokoza kuti pepalalo silinena za munthu amene iwo ali panopa, likunena za amene akufuna kudzakhala. Amayiwo anati amvetsa, koma chiwongoladzanja achilemba pa munthu amene alipoyu.

Kunena zoona, nzeru imeneyi alamu anaitengera kuboma. Tinali ndi Masomphenya a 2020, chaka chija chinafika n'kutipeza tikusamba m'manja pothawa Covid, ndipo mu Januwale 2021 tinakhazikitsa ena a Malawi 2063. Alamu anaona kuti chinsinsi chake n'kuika tsiku patali, poti ofunsa adzakhale atatopa. Nawonso cholinga chawo chomanga nyumba kumudzi achiika mu 2063. Adzakhala ndi zaka zopitirira 80, ndipo njerwa zimene anaumba kale zamera udzu.

Pano matenda afalikira mzere wonse wa nyumba za lendi. Mnyamata wa kabaza analemba kumbuyo kwa njinga yake kuti moyo wa kasitomala ndi wofunika, ndipo amakweza anthu awiri ndi thumba la makala, chipewa palibe. Alandilodi anaika mishoni sitetimenti yawo pa WhatsApp, yonena za chifundo, m'mawa wa tsiku limene anazula chitseko cha mayi wa nyumba yakumapeto. Ngakhale ometa tsitsi pakona ali ndi "masomphenya" pakhoma, pamene magetsi akangozima amakusiya mutu uli theka.

Mfundo ya banja patsogolo ndi imene alamu amaisunga mokhulupirika. Lachisanu lililonse amatumiza banja patsogolo kunyumba, iwo n'kutsalira ku Bwandilo kuti aunikenso mfundo zinazo ndi anzawo. Kusunga nthawi nako amayesetsa: sanachedwepo mpira wa Bullets ndi Wanderers.

Sabata yatha pepala lija linasowa pakhoma. Alamu anafunsa ana, anafunsa wantchito, mpaka anayamba kuganizira amayi a banki mkhonde kuti alitenga ngati chikole. Analipeza kuseri kwa nyumba, achemwali akukupizira nalo mbaula, m'mphepete mwake mutapsa kale.

"Amayi! Moyo wanga wonse uli pamenepo!"

"Dikirani nyemba zipse, abambo. Chibwerereni m'nyumba muno, lero ndi pamene lagwira ntchito."