Kalumo ka dobadoba

Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Ankanena za pabwalo: mlandu wavuta, ankhoswe atha mawu, amfumu akungosisita ndevu, kenaka munthu wongodutsa amene anakhala pansi kuti apumeko aponyapo liwu limodzi, mlandu n'kutha. Ife a pa Guilleme sitingatsutse, poti ngakhale dzina la malo ano n'lamlendo. Bishopu Mathurin Guillemé anali Mfalansa wa chipani cha White Fathers, anatsogolera mpingo wa Katolika m'chigawo cha Nyasa kuyambira 1911 mpaka 1934, ndipo anamwalira ku Likuni mu 1942. Mishoni yotchedwa dzina lake inadza ndi sukulu ndi chipatala. Kalumo kameneko palibe akudandaula nako.

Chimene akuluakuluwo sananene n'chakuti kalumoko kadzameta mutu wa yani. Ndikukayika ngati anaiwala. Anangotisiyira dala kuti tidzadzionere tokha tsiku logulitsa nyumba.

Mumayamba bwinobwino. Mwapeza chidutswa cha lata, mwalemba ndi penti kuti NYUMBA YOGULITSA, nambala ya foni m'munsi, ndipo pofuna kuonetsa kuti sindinu mwana mwaonjezera kuti MA EJENTI AYI. Mwakhoma pamtengo wa mango. Mwana wanu wajambula nyumbayo mbali imene ilibe mng'alu n'kuika pa WhatsApp. Foni yoyamba kulira ndi ya dobadoba.

"Madala, mwaswera bwanji? Ine si ejenti ayi. Kungoti ndili ndi bwana wina akufuna nyumba chakuno."

Tinene zoona, munthuyu kalumo ali nako. Kugulitsa nyumba wekha n'kudzimeta: pamphumi umatha, m'mbali umayesetsa, koma kunkhongo sikuoneka. Munthu woti angatulutse K18 miliyoni sayenda wapansi pa Guilleme kuwerenga zikwangwani za pamitengo. Ali ku Area 25 ku Lilongwe akudikira ndalama zake zopumira pantchito, ali ku Joni akutumiza ma randi, kapena ali pa Kamwendo wakhalira matumba a soya. Dobadoba amawadziwa onsewo. Amadziwa amene wagulitsa fodya ku Kanengo, amene akazi ake atopa ndi lendi, amene akufuna pokhala pafupi ndi sukulu ya mishoni, ndi amene anayamba kuyang'ana mbali ino chitsegulireni ofesi yatsopano ya pachipata cha Mchinji ndi Mwami mu December 2022. Inu mumadziwa alamu anu ndi a kwaya. Choncho oti dobadoba ndi munthu wongodya zaulere sindigwirizana nawo. Ntchito amagwira. Nkhani ili pa mtengo wa kumetako, ndi nthawi youkambirana.

Mtengo wake amautchula mosaphethira: 10 peresenti. Amaunena ngati unalembedwa m'katekisimu. Pa K18 miliyoni ndiye kuti K1.8 miliyoni, kwa munthu amene sanaumbe njerwa ngakhale imodzi, amene ntchito yake yaikulu inali kukweza bwana pa njinga ya kabaza n'kuloza ndi chala. Malamulo amati wogulitsa nyumba za eni alembetse ku boma n'kukhala ndi chiphaso. Mukamufunsa chiphaso uyu akuonetsani cha unzika.

Funso loyamba lisakhale lakuti "simungatsitse?" Limenelo amalikonda, analizolowera pamsika, ndipo yankho analoweza kale. Mufunseni kuti, "Achimwene, inu mukugwirira ntchito ndani?" Apa ndi pamene amayamba kutsokomola. Paja anati ali ndi bwana wake. Bwanayo ndiye anamutuma, ndipo n'kutheka kuti analipira kale ya kuonera nyumba, ya mafuta, ya mayunitsi. Ntchito ya wotumidwa ndi wogula n'kutsitsa mtengo wanu. Ndiye mumulipire chifukwa chakuti wakuchepetserani ndalama? Akayankha kuti ali mbali yanu, mufunseni chifukwa chake anauza bwana uja kuti denga likudontha.

Musachite manyazi ndi funsoli, lazunguza ngakhale a ku Amerika. Kumeneko wogulitsa nyumba anazolowera kutaya 5 kapena 6 peresenti, ma ejenti awiri n'kugawana, wake ndi wa wogula yemwe. Eni nyumba anakasuma, ndipo mu 2024 bungwe la National Association of Realtors linavomera kulipira madola 418 miliyoni. Kuyambira August chaka chomwecho, ejenti wa wogula amayenera kuyamba wasainirana ndi wogulayo za malipiro ake asanamuonetse nyumba. Iwo zinawatengera maloya ndi makhoti. Ife tikhoza kuzithetsa pakhonde, bola tifunse madzi asanathiridwe kumutu. Munthu sakambirana mtengo atametedwa mbali imodzi. Wogula akangoiona nyumba n'kuikonda, inunso n'kuyamba kuwerengera ndalamazo mumtima, dobadoba amadziwa kuti simudzuka pampando.

Pali kametedwe kena koopsa kuposa peresenti, kamene amati kuika yake pamwamba. Inu mwati 18, iye kwa bwana wati 21. Tsiku loonera nyumba amakhala pakati panu ngati mpanda, bwana akati afunse mtengo iye n'kuyamba kuyamikira mapapaya. Akakupemphani kuti "za ndalama musatchule, madala, ndikamba ndine," dziwani kuti onse awiri, inu ndi bwana, mukumetedwa mpala wopanda madzi, ndipo akamaliza adzabwera kudzafuna 10 peresenti yake ija. Mankhwala ake ndi otsika mtengo. Popereka moni kwa bwanayo, mutafunsa za kunyumba ndi ana, tchulani mtengo mokweza, ngati munthu wosamva bwino.

Ine ndimakonda ndalama yodziwikiratu kusiyana ndi peresenti. Muuzeni kuti nyumba ikagulidwa pa mtengo wakuti mudzamupatsa zakuti, ikaposa pamenepo mudzamuonjezera, ndipo zotsalazo akazione kwa amene anamutuma. Adzanyanyala. Adzati bwana uja ali ndi nyumba ina akuiganizira ku Tembwe. Adzafika mpaka pa njinga n'kuiliza. Musadzuke. Iye akapanda kugulitsa sadya, pamene inu mukagona m'nyumba yanu yomweyo. Mulembenso papepala, pakhale mboni, ngakhale iye adzadandaula kuti anthu achibale salemberana. Chibalecho chayamba Lachiwiri lomweli.

Mulembeponso tsiku lolipira, chifukwa kuno ogula ambiri sapereka zonse pakamodzi. Theka lero, zotsala akagulitsa mtedza. Dobadoba amafuna yake yonse pa theka loyambalo, pa Airtel Money kapena Mpamba, inu muli chiimire. Kenaka foni yake imasiya kupezeka, n'kutsala inu kulondola bwana ku Lilongwe. Amene anagulitsa mwa njira imeneyi chakumapeto kwa 2023 akhoza kukuuzani: mu November kwacha inagwa ndi 44 peresenti, theka lachiwiri lija linafika litaonda, dobadoba atadya kale yake ili yonenepa. Zikabwera theka, nayenso alandire theka. Mudzaona mmene angalimbikire kukumbutsa bwana wake.

Za wogula wochokera ku Chipata samalani nazo. Malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anakhwimitsa zogulitsa malo kwa amene si nzika, ndipo kuno kumalire alipo anthu amene amakhala Amalawi Lolemba, Azambia Lachisanu. Dobadoba adzakuuzani kuti zimenezo n'zazing'ono. Kwa iye n'zazing'onodi, dzina lake silikhala pa kalata.

Mukamaliza ndi mlendo musaganize kuti mwapulumuka, pakuti a pakhomo nawo ali ndi timalumo tawo. Ngati munamanga kuchikamwini, mudzamva tsiku lomwelo kuti nyumba ndi yanu koma dothi ndi la mbumba, ndipo amalume a akazi anu, amene sanabwere pokhoma malata, afika m'mamawa atavala jekete. Amfumu adinda chidindo, ndipo chidindo sichiyenda ndi njala. Awa sindiwadandaula kwenikweni, chifukwa kalata yopanda iwo idzakubwezani pabwalo zaka zikubwerazi.

Ondidabwitsa ndi a tsiku lolandira ndalama. Munagwirizana ndi dobadoba mmodzi, koma pakhonde pakhala anthu asanu. Uyu ndi amene anaona chikwangwani. Uyu ndi amene anapereka nambala ya bwana. Uyu ndi wakabaza. Uyo anangoperekeza, koma wasiya ntchito kudimba. Wachisanuyo palibe akumudziwa, ngakhale anzakewo. Apa tulutsani kapepala kaja, muwerenge dzina limodzi lolembedwapo, mupereke, muwauze kuti akagawane kumsika. Phokoso lake mudzalimva muli m'nyumba mukumanga katundu.

Ndipo musanamalize kumanga, wogogoda afika. Ndi yemwe uja, wamwetulira, malaya atsopano.

"Madala, zayenda bwino. Nanga inu tsopano mukakhala kuti? Pa Kamwendo pali kapoloti kabwino, madzi pafupi, mwini wake ndi munthu wofatsa. Kukaona ndi K10,000 yokha, kuphatikiza mafuta."